Njinga, mwera ndi Likoma: yankho kwa achemwali a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25. Iwo ndi anzawo awiri akufuna kupalasa njinga kuchoka kuno ku Lilongwe mpaka kunyanja, akwere sitima, akazungulire Likoma ndi Chizumulu. Akufunsa masiku angati, ndiponso anyamule chiyani. Koma kumapeto anaponyako mawu amene andisowetsa mtendere: akuti kuntchito akuwaseka, ati maulendo otere ndi a azungu, ndipo munthu wopanda njinga ya mamiliyoni asayerekeze n'komwe.

Achemwali, mawu amenewo nanenso anandiuzapo, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Bambo anga ankadzuka tambala woyamba ku Mitundu, n'kumanga matumba awiri a mtedza pa keriyala ndi mphira, ulendo wa kumsika wa Lilongwe. Madzulo ankabwerera ndi mchere, sopo ndi palafini, nthawi zina ndi kabuledi kathu anafe. Njinga yake inali yakuda, yopanda magiya, chishalo chokulunga ndi chiguduli. Fizi yanga inachokera pa mapedulo amenewo. Ndiye wina lero aziti kuyenda mtunda wautali pa njinga ndi za azungu? Pitani mukaime pa msewu wa ku Bunda mbandakucha muone anthu a makala ndi nkhuni akukankha katundu wotalika kuposa mitu yawo. Muone akabaza. Dziko lino limayenda pa njinga. Chimene tinaphunzitsidwa molakwika n'chakuti Mmalawi azipalasa pokhapokha akuvutika, koma akapalasa kuti aone dziko lake ndiye kuti wayamba matama. Ine zimenezo ndimakana.

Komatu nanenso ndinagwa nawo m'mbuna yomweyo. Pamene ine ndi msuweni wanga tinkakonza ulendo womwewu, ndinamvera oseka aja, n'kukabwereka njinga yapamwamba kwa mnzanga: yopepuka, magiya ambirimbiri, mabuleki oyendera mafuta. Msuweni anatenga yake ya masiku onse. Tsiku loyamba ndinkangouluka. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, choncho makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14 wopita ku Salima ambiri ake ndi otsetsereka, ngakhale zitunda za ku Dowa zimakutulutsa thukuta. Unali mwezi wa June, mwera ukuomba kuchokera kummwera, ndiye titakhotera pa M5 kulunjika kumpoto mphepo inkatikankha kumsana. Tinadutsa pa Chia, tinagona ku Nkhotakota, tinaoloka Bua, zonse zili myaa.

Tikuyandikira minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ndinalowa m'dzenje pothawa lole. Kachitsulo kosinthira magiya kanapindika n'kulowa m'masipoko, atatu n'kuthyoka. Tinakankha mpaka pa mtengo wa mango pamene panali bambo wina wokonza njinga. Anaitembenuza, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, luso ndili nalo, koma zitsulo za iyiyi kuno kulibe." Madzulo omwewo anawongola gudumu la msuweni wanga pa mphindi zochepa, ndi zitsulo za m'kabokosi kake. Ine ndinadikira masiku awiri kuti chitsulo chibwere pa basi kuchokera ku Lilongwe. Pofika ku Nkhata Bay n'kuti sitima itapita kale.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo sindikunyengererani: pa ulendo uwu njinga yabwino ndi imene munthu wa pansi pa mtengo wa mango angathe kuikonza. Ina iliyonse, kaya ndi yokongola bwanji, ndi katundu. Ndipo wolamula masiku anu si miyendo yanu, ndi sitima ndi mphepo. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, imapita kumpoto kamodzi ndi kubwerera kummwera kamodzi pa sabata, pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Mukaiphonya ndi tsiku limodzi mwataya masiku ambiri. Alipo maboti ena amene amaoloka kuchoka ku Nkhata Bay, ndipo ife tinakwera limodzi mwa amenewo. Koma mwera uja unatikoma pamsewu unatisandukira panyanja. Mafunde ankamenya, amayi ankapemphera mokweza, njinga zathu zili zomangirira pamwamba pa matumba a ufa ndi makireti. Musakakamize kuoloka tsiku limene asodzi eni ake akokera mabwato awo kumtunda. Iwo nyanja amaidziwa.

Nditsikeko pang'ono pa nkhani ya Likoma, chifukwa ambiri kuno ku chigawo chapakati timangoimva pa wailesi. Ndi boma laling'ono kuposa onse m'Malawi, ndipo zilumba zonse ziwiri zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti mapiri a tsidyalo umawaona ngati ungawakhudze. Likoma ndi malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 18, kutalika kwake ngati makilomita 8 basi. Chizumulu ndiye kachepetsetsa, pafupifupi masikweya kilomita 3. Wina anganene kuti nanga kuvutikiranji ndi njinga pa kamalo kotere? Ine ndinazungulira pang'onopang'ono masiku atatu ndipo sindinakhute. Malambe akuluakulu paliponse, minda ya chinangwa pakati pa miyala, usipa uli mbuu pa matandala, ana akuthamangira njinga mpaka kugombe lotsatira. Tsiku la Mulungu ndinatsamiritsa njinga pa Chipyela n'kulowa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga mu 1903. Kwaya itayamba ndinakumbukira bambo anga, amene anapalasa moyo wawo wonse koma nyanja sanaione. Misozi inatsika, sindibisa.

Mayi wina amene anatiphikira kondowole ndi nsomba anatifunsa kumene tachokera. Titati ku Lilongwe pa njinga, anaomba m'manja n'kuitana aneba kuti adzatione. Palibe anatchula za azungu.

Za masiku ndi zonyamula

Patulani masabata awiri, ndipo muyambe kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la sitima. Funsani za tsiku la sitimalo ku doko la Nkhata Bay sabata imene mukunyamuka, ndipo mukafikeko kudakali tsiku lathunthu. Pamsewu ikani masiku asanu kapena asanu ndi limodzi: Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay. Chigawo cha Salima mpaka Nkhotakota chimapitirira makilomita 100, ndiye ngati miyendo sinazolowere chiduleni pawiri. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, kukuzizira; October kunyanja kumawotcha koopsa, ndipo dzinja misewu ya pazilumba imavuta. Muzinyamuka kukangoyera, pofika masana mukhale mutafika, usiku musapalase ngakhale pang'ono chifukwa M5 ndi wopapatiza ndipo m'mbali mwake ndi modyeka. Pobwerera mwera udzakhala kumaso ndi chitunda cha Salima chikukudikirani, choncho kukweza njinga pa basi si manyazi.

Nyamulani machubu awiri aliyense, zigamba, guluu, pampu, masipanala, masipoko apadera ndi mphira zomangira, poti minga ndi miyala ya pa Likoma siisekerera matayala. Zovala ndi foni muzikulunge m'mapepala apulasitiki pooloka. Neti ya udzudzu musasiye, ndalama zina zikhale m'thumba chifukwa netiweki imatha kuthawa, ndipo mukasambira m'nyanja mukayezetse likodzo mukabwerako. Pa Chizumulu njira zambiri ndi za miyendo, mudzakankha kuposa kupalasa.

Musanapite yeserani kaye Loweruka lina, mutamanga katundu yense, kupita ku Nkhoma ndi kubwerera. Mukakafika pa Chipyela, achemwali, mundilembere.