Galimoto yothamanga koma yosamwa mafuta: yambani ndi bodi, injini ibwere pambuyo

Pa imelo pabwera funso la mnyamata wina wa ku Lizulu amene amasewera Automation, gemu yopanga magalimoto ya kampani ya Camshaft Software ya ku New Zealand. Akuti akaika injini yaikulu ya V8 galimoto imathamanga bwino koma imamwa malita 16 pa makilomita 100, akachepetsa injini mpaka lita imodzi mafuta amatsika koma imayenda ngati ngolo. Ndiye akufunsa ngati pakati pake palipo.

Palipo, achimwene. Vuto ndi loti inu, monganso osewera ambiri, maso onse mwawaika pa injini. Funso limeneli limandikhudza chifukwa maganizo omwewa ndi amene amamveka m'magalaja athu, oti galimoto yamphamvu ndiye kuti ndi yomwa mafuta basi. Si zoona. Mafuta amathera pa zinthu zitatu: kukankha mphepo, kukoka kulemera, ndi injini yozungulira mwamsanga pamene ntchito ndi yochepa.

Tiyambe ndi mphepo, poti ndi imene anthu amaipeputsa. Mukawirikiza kawiri liwiro, mphepo imakukanizani kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti muidule imakwera kasanu ndi katatu. Tengani bodi yosalala ya Cd 0.30 (Cd ndi nambala yoonetsa mmene bodi imakanizidwira ndi mphepo) yokhala ndi nkhope ya masikweya mita 2. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mphepo yokha imafuna makilowati pafupifupi 8. Pa 200 imafuna 62. Tsono tengani bodi yaitali ngati bokosi, Cd 0.40 ndi nkhope ya masikweya mita 2.5: pa 100 ikufuna 13, pa 200 ikufuna 103. Makilowati 41 amenewo mukuwagula ndi injini yaikulu, ndipo injiniyo mudzaidyetsa tsiku lililonse ngakhale mukuyenda pang'onopang'ono. Aliyense amene anaonapo njinga ya kabaza itamangirira matiresi kumbuyo ikulimbana ndi mphepo ya mu July pa Bembeke akudziwa zimene ndikunena. Wopalasa ndi yemweyo, miyendo ndi yomweyo, chasintha ndi kukula kwa chinthu chimene mphepo ikumenya.

Choncho sankhani bodi yaifupi, yopapatiza, ya Cd yotsika pa chaka chimene mukupangira galimotoyo. Ikani chophimba cha kunsi, undertray. Mpweya wozizitsa injini ndi mabuleki muutsegulire mlingo umene ukufunika basi, chifukwa bowo lililonse kutsogolo ndi msampha wa mphepo. Ndipo chipepe chachikulu cha kumbuyo chija, wing, chichotseni. Chimakanikiza galimoto pansi pa makona, inde, koma pa msewu wowongoka chimangokubera liwiro ndi mafuta. Ine sindivomereza wing pa galimoto ya makilowati osafika 150, kaya ikuoneka bwino motani.

Kulemera nako. Makilogalamu 100 aliwonse mumawamva ponyamuka ndi pachitunda, osati kwenikweni pa liwiro lapamwamba. Amene amakwera msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti atanyamula matumba amadziwa kuti singano ya mafuta imatsika mukuiona. Mu gemu, yesetsani kuti galimoto isapitirire makilogalamu 1,100. Injini iikeni kutsogolo mopingasa, izikoka ndi matayala akutsogolo. Kukoka ndi matayala onse anayi kumawonjezera zitsulo ndi kukhuzana, ndipo pa mphamvu zimene tikukambazi simukufunikira.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya turbo ili ndi tanthauzo lenileni kwa ife a kuno. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopyapyala, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, kutanthauza kuti ikafika kuno yataya cha m'ma 15 peresenti. Ndi chifukwa chake kagalimoto kamene kamanyamuka bwino ku Salima kamaoneka kaulesi pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Turbo imapanikizira mpweya m'masilinda, ndiye kutayako kumachepa. Mu gemu ntchito yake ndi yofanana: injini yaing'ono izimwa ngati yaing'ono mukamayenda mwakachetechete, izikoka ngati yaikulu mukaponda.

Koma turbo yaikulu ndiye imene imawononga magalimoto ambiri a osewera. Imachedwa kudzuka, pansi pa 4,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) mulibe kanthu, kenako mphamvu yonse imabwera kamodzi matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Ikani yaing'ono, yoti ikhale itadzuka pofika 2,000 rpm, boost (mphamvu imene turbo imapanikizira mpweya) ya 0.6 mpaka 0.8 bar.

Magiya, amene ambiri amangowasiya mmene alili

Injini ya petulo imawononga kwambiri pamene ikuzungulira mwamsanga koma phazi mwangoligusa pang'ono. Khomo la mpweya limakhala pafupifupi lotseka, mapisitoni n'kumavutika kukoka mpweya ngati munthu woyamwa thobwa ndi kaudzu kopyapyala. Mphamvu imathera pa kuyamwako. Mankhwala ake ndi giya yomaliza yaitali. Ikani magiya asanu ndi imodzi, liwiro lapamwamba lizipezeka pa giya yachisanu, yachisanu ndi chimodzi ikhale yoyendera ulendo, kuti pa 100 injini izikhala pakati pa 2,000 ndi 2,300 rpm. Mukaitalikitsa mopitirira, galimoto idzafuna kutsitsa giya pa kachitunda kalikonse, phindu n'kutha. Yang'anani graph yoonetsa pamene injini imagwiritsa bwino mafuta, ndipo rpm yoyendera ulendo igwere pamenepo.

Za cam, chitsulo chimene chimatsegula mavalavu a injini, ndizo zimasokoneza. Cam yofatsa imapatsa mphamvu pansi ndi kusunga mafuta, yaukali imapatsa mphamvu pamwamba koma pansi imataya. Honda inathetsa mkangano umenewu mu 1989 ndi VTEC pa injini ya B16A, ya malita 1.6, yotulutsa mahatchi 160: cam yofatsa ndi yaukali m'injini imodzi. Mu gemu chimenechi ndi VVL. Ngati simukufuna turbo, njira yanu ndi imeneyo. Ndipo kompureshoni musaiope. Mazda inaifikitsa pa 14 kwa 1 mu Demio ya Skyactiv ya 2011, chifukwa mpweya wopanikizika kwambiri umatulutsa ntchito yambiri pa dontho lomwelo la petulo. Malire ake ndi kugogoda kwa injini, pamene mafuta ena aphulika okha moto wa pulaga usanawafike, ndipo kumadalira octane ya mafuta amene mwasankha, kutanthauza mmene mafutawo amapirira kupanikizika.

Chimene ndimadana nacho ndi kuchepetsa mafuta m'msakanizo mpaka kumapeto n'cholinga choti nambala ioneke yokongola. Petulo amapsa mokwanira pa magawo 14.7 a mpweya kwa gawo limodzi la mafuta, ndipo mphamvu yambiri imapezeka cha m'ma 12.5 mpaka 13. Mukaumitsa msakanizo pa injini ya turbo, kutentha kumakwera, kugogoda kumayamba, ndiye mumakakamizika kutsitsa kompureshoni kapena kuchedwetsa moto. Zimene munapeza uku mwazitaya uko.

Yesani izi, achimwene: masilinda anayi ondondozana, malita 1.4 mpaka 1.6, buloko ya aluminiyamu, mavalavu anayi pa silinda, VVT (yosintha nthawi imene mavalavu amatsegukira), direct injection (yopopera mafuta mwachindunji m'silinda) ngati chaka chikulola, turbo yaing'ono, cam cha m'ma 35 mpaka 40 pa sikelo ya mu gemu. Kwezani kompureshoni pang'onopang'ono mpaka chenjezo la kugogoda lioneke, kenako bwererani ndi 0.2. Matayala akhale a mamilimita 185 kapena 195 m'lifupi, osati 245. Muzisintha chinthu chimodzi nthawi imodzi n'kulemba zotsatira pa pepala. Mukamaliza, itumizeni ku gemu yoyendetsa magalimoto ya BeamNG.drive mukaiyendetse pachitunda muli pa giya yachisanu ndi chimodzi. Ikamafooka pa 90, fupikitsani giyayo pang'ono.