Liwu lakuti engagement linandichotsa pa ntchito ku Zomba

Achemwali, ndawerenga ndemanga zonse zimene zaperekedwa pa kalata mwalandira kuchokera ku bungwe lina ija ya mutu wakuti Letter of Engagement, ndipo ndaona kuti ambiri akukufunirani mafuno abwino kuti mwalembedwa ntchito, pamene ena akuseka kuti bungwelo likufuna kukuchitirani chinkhoswe. Ine sindinaseke nawo, chifukwa kalata ya mutu womwewo ndinailandirapo mu 2018, ndipo mpaka lero ndikaona liwu limeneli papepala thupi limandichita tsemwe. Musanatule pansi udindo umene muli nawo panopa, ndikupemphani kuti mumve kaye zimene zinandionekera.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoima payokha ku Zomba, choncho palibe amene anganene kuti ndinagwa m'mbuna chifukwa chosadziwa chizungu. Kalata itafika kuchokera ku bungwe lina la zachitukuko ku Lilongwe, ndinachita zomwe ndinkalangiza ana asukulu tsiku ndi tsiku: ndinatsegula buku la mawu ofanana matanthauzo. Pansi pa engagement ndinapezapo appointment, commitment, contract ndi employment. Maso anga atangofika pa employment ndinatseka bukulo mtima uli m'malo. Sindinalabadire kuti pamndandanda womwewo panalinso battle ndi betrothal, zomwe zikanayenera kundichenjeza kuti liwu lotha kuimira nkhondo ndi chitomero nthawi imodzi si loti munthu n'kusiyira ntchito. Nditawafotokozera bambo anga pafoni, iwo anati, "Ndiye kuti akutomera, mwana wanga, ndipo wotomera sathawa." Ndinalemba kalata yotsanzika kusukulu, tinakweza katundu palole, ndipo ku Area 25 mwini nyumba anafuna lendi ya miyezi itatu tisanatsitse ngakhale mphasa. Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi inayi, mwana wathu woyamba.

Ntchito imene ndinapatsidwa inali ndi liwu lomwelo m'dzina lake, popeza inkatchedwa community engagement. Ndinkapita m'midzi ya ku Dowa kukakhala pansi ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko pa nkhani ya mijigo. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona kuti liwuli lili ngati bulangete limodzi lofunditsa anthu osiyana. Tsiku lina tinkamvetseradi maganizo a anthu mpaka dzuwa kupendeka, n'kusintha malo okumbapo mjigo chifukwa amayi anena kuti kumene tasankhako n'kufupi ndi manda. Tsiku lina tinkangofika, kuwerenga zimene zakonzedwa kale ku ofesi, kusainitsa mayina, kugawa zakumwa ndi mabanzi, n'kukwera galimoto. Mu lipoti masiku awiri onsewa ankalembedwa ndi liwu limodzi. M'Chichewa simungabisale chotero, chifukwa kukambirana, kufunsa maganizo, kudziwitsa ndi kutenga nawo mbali ndi mawu osiyana, ndipo womasulira amayenera kusankhapo limodzi anthu akumuyang'ana. Mfumu ina yachikulire inandidula mawu pamsonkhano n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mwabwera kudzatifunsa kapena kudzatiuza?" Ndinasowa choyankha, chifukwa pepala limene ndinali nalo m'manja silinkasiyanitsa ziwirizi.

Tsiku limene sindidzaiwala linali Lachitatu masana, m'mwezi wachisanu wa ntchitoyo. Ndinaitanidwa ku ofesi ya bwana wamkulu, ndipo nditalowa ndinapeza mayi wa ku ofesi yoona za antchito atakhala kale pambali, fayilo ili pamiyendo. Bwanayo sanadzutse nkhope pa kompyuta yake. Anangonena kuti engagement yatsika kwambiri ndipo opereka thandizo kunja sakukondwa. Ine ndinatulutsa kope langa lachikuto cholimba, lofiira ndi fumbi la m'misewu ya ku Dowa, n'kuyamba kuwerenga misonkhano imene ndinachititsa, mudzi ndi mudzi, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mayina a mafumu amene anasainira. Ndinali ndisanamalize tsamba lachiwiri pamene iye anaseka, kuseka kwa munthu amene akuona mwana akulakwitsa samu yophweka, n'kutembenuzira kompyuta ija kwa ine. Panali tsamba la bungwe la pa Facebook. Engagement imene ankanena inali chiwerengero cha anthu odina kuti akonda chithunzi, olemba ndemanga ndi ogawira anzawo. Ndinayesa kufotokoza kuti amayi amene ndimakumana nawo pansi pa mtengo wa mango ambiri alibe foni ya intaneti, ndiponso kuti palibe amene anandiuzapo kuti tsamba limenelo ndi gawo la ntchito yanga. Iye anayankha kuti munthu wophunzitsa Chingerezi sayenera kuchita kuuzidwa tanthauzo la liwu limene lili m'dzina la udindo wake.

Kenaka mayi uja anakankhira pepala patsogolo panga n'kunena kuti engagement yanga ikutha Lachisanu. Ndinafunsa za chidziwitso cha mwezi umodzi, za ndalama ya tchuthi chimene sindinapite, ndi za penshoni. Anatsegula fayilo ija, natulutsa kalata yanga yoyamba ija, natenga cholembera chofiira n'kudula mzere pansi pa liwu lakuti engaged, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Anati sindinakhalepo wantchito wa bungwelo, ndinali munthu wongoitanidwa kudzathandiza pa gawo loyamba la pulojekiti, ndipo gawolo latha. Anandionetsa chiganizo chapansi chimene chinkanenadi za gawo loyamba popanda kutchula tsiku lothera, chiganizo chimene ndinachiwerenga katatu konse ku Zomba osachimvetsa. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti mwezi uliwonse ankandisainitsa invoisi m'malo mondipatsa pepala la malipiro, kuti msonkho umene ankadula sunali wa PAYE, umene amadula pa malipiro a antchito olembedwa, ndiponso kuti 5 peresenti imene wantchito amadulidwa kupita ku penshoni, kuonjezera pa 10 peresenti ya abwana, sinadulidwepo ngakhale kamodzi. Chochititsa manyazi n'chakuti ndinkasangalala kuti ndalama ikubwera yochuluka, osadziwa kuti chimenecho chinali chizindikiro chakuti dzina langa silili m'kaundula wa antchito.

Lolemba la sabata yomweyo ndinali nditaperekeza mkazi wanga kusikelo, ndipo namwino, atamupima, analemba liwu lomwelo lakuti engaged m'kabuku ka kuchipatala. Anatifotokozera mwaulemu kuti mutu wa mwana watsikira m'chiuno, choncho tikonzeretu zitenje, beseni ndi ndalama ya galimoto chifukwa tsiku layandikira. Namwino ameneyu ndi munthu yekhayo m'chaka chonsecho amene anagwiritsa ntchito liwuli n'kudzivutitsa kundiuza chimene akutanthauza. Lachitatu lija nditatuluka mu ofesi ndinakwera minibasi, koma ndinatsikira pa Area 18 n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu mpaka mdima, kope lofiira lija lili m'manja, kusinkhasinkha kuti ndikalowa bwanji m'nyumba ya lendi n'kuuza mayi wotsala masiku ochepa kuti achire kuti ntchito imene tinasamukira ija sinali ntchito.

Chimene chimandipwetekabe mtima n'chakuti bwana uja ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi. Pa mayeso olowera ntchito ndinanena poyera kuti ndisiya uphunzitsi ndi kusamutsa banja, ndipo iye anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti andilandira m'banja lawo. Akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iyi ndi ganyu ya miyezi yochepa," ndikanapempha tchuthi kusukulu kapena ndikanakana. Anasankha kukhala chete chifukwa liwulo linkamugwirira ntchito: kwa ine linkamveka ngati lonjezo, kwa owerengera ndalama linkatanthauza kuti palibe penshoni yolipira, kwa opereka thandizo linkaoneka ngati chitukuko. Mayi wa cholembera chofiira uja sindimuimba mlandu kwambiri, ngakhale kuti akanatha kudula mzere uja popanda kumwetulira.

Patapita nthawi ndinafufuza kumene liwuli linachokera, ndipo zimene ndinapeza zinangoonjezera mkwiyo. Linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa, kumene gage ndi chikole, choncho engager poyamba kunali kuika chinthu kapena kudziika wekha pachikole. Gage yemweyo ndi amene ali kumapeto kwa mortgage, ngongole yogulira nyumba, ndipo wage ndi wed, malipiro ndi kukwatira, ndi mawu apachibale ndi iye. Ifenso timatero: chikole ndi chimene mnyamata amapereka kwa mtsikana posonyeza kuti watsimikiza, ndipo ndi chomwecho chimene a banki amafuna musanatenge ngongole. Kuchokera pa kumangidwa ndi chikole, liwuli linafalikira kulikonse kumene chinthu chagwidwa kapena chakolana ndi chinzake. Mzungu akakana kubwera kuphwando ponena kuti ali ndi prior engagement sakunena za mkazi wina, akungoti anapangana kale ndi anthu ena. Amene tinagwiritsapo ntchito mafoni apansi timakumbukira kuti laini inkakhala engaged wina akamayankhula, ndipo ku Britain zitseko zambiri za zimbudzi zimaonetsa liwu lomwelo mukakhala munthu. Makaniko amalinena giya ikalowa, owerengera ndalama za makampani amatcha choncho ntchito imene agwirizana ndi kasitomala, ndipo asilikali athu amene anapita ku Congo mu 2013 pansi pa United Nations, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, ankayendera rules of engagement, malamulo onena nthawi imene aloledwa kuwombera. Pa nkhani yanga chikole chinaperekedwadi, koma wopereka ndinali ine ndekha: ntchito ya ku Zomba, lendi ya miyezi itatu ndi mtendere wa mkazi wanga.

Kwa amene mukuseka za chinkhoswe, ngakhale pamenepo kumasulirako n'kopunduka. Pa makadi timalembadi Engagement, koma engagement ya azungu ndi lonjezo la anthu awiri ndi mphete, lomwe lili pafupi ndi kutomera. Chinkhoswe n'cholemera kuposa pamenepo, pakuti ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi amaonekera pagulu, amasinthana tambala ndi msoti, ndipo kuyambira tsiku limenelo banja likagwedezeka pali anthu odziwika okawagogodera. Kalata yanga inalibe nkhoswe. Bambo anga anaimasulira ndi nzeru ya kumudzi, kumene wotomera amadziwika kwawo ndi amalume ake, ndipo ine, mphunzitsi wa Chingerezi, ndinavomera chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva.

Tsono achemwali, musadalire buku la matanthauzo pa nkhani iyi, komabe mulitsegule ndipo muwerenge mndandanda wonse mpaka pansi, osaima pa liwu lokukomerani monga ndinachitira ine. Lamulo la ntchito la 2000 limatchula mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda nthawi yothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi yodziwika. Afunseni kuti wanu ndi uti, kapena ngati akukuwerengerani kunja kwa yonse itatu monga munthu wodziimira payekha, ndipo yankho likhale lolembedwa, chifukwa ine ndinafunsa pakamwa n'kuyankhidwa ndi chanza. Muyang'ane ngati m'kalatamo muli mawu akuti employee, tsiku lothera, penshoni ndi PAYE. A ku ofesi ya boma ya zantchito anandiuza pambuyo pake kuti mutu wa kalata si umene umagamula zonse, popeza bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court limayang'ananso mmene munthu ankagwirira ntchito, monga ngati ankalamulidwa nthawi yolowera ndi yowerukira. Choncho zikakuvutani musachite ulesi kukadandaula, ngakhale kuti ine sindinapite, chifukwa mwana anabadwa Lamlungu lotsatira ndipo ndalama imene inatsala inathera ku matewera ndi lendi.

Ndinene zoona, ngati ndalama imene akulonjezani ikuposa kwambiri imene mukulandira panopa, sainani, chifukwa ntchito zikusowa ndipo miyezi isanu ija ndi imene inandigulira firiji ndi makina osokera amene mkazi wanga akudyetsera banja mpaka lero. Kungoti musasamutse ana, musatsanzike kumene muliko ngati angakupatseni tchuthi chosalipidwa, ndipo tsiku loyamba lenileni mukawafunse ngati tsamba lawo la pa Facebook lili m'manja mwanu.