Zithunzi za black and white za moyo wa mtauni, kuno ku Mzuzu zingatheke

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munalowa mu gallery ina ku Johannesburg mkupeza makoma onse ali zithunzi za black and white, anthu akukwera sitima, azimayi akugulitsa m'mbali mwa msewu, nde mukufunsa kuti chapadera nchani pamenepo poti foni iliyonse ili ndi filter yochotsa kala, komanso ngati zoterezi zingatheke kwathu kuno. Ine ndakhala ndikujambula mtauni muno kwa zaka ndithu, nde mundilole nditalikitseko.

Tiyambe ndi filter yo. Kaimeni pa depoti m'mawa mujambule cha kala, muona kuti maso a woonayo akuthamangira pa zigubu zachikasu, maambulera ofiira ndi obiriwira a ogulitsa mayunitsi, zitenje, zikwangwani, moti mnyamata wasenza thumba la mbatata uja saonekanso olo ali pakati penipeni. Mukachotsa kala phokoso lonselo limati zii, kumatsala kuwala, mthunzi ndi munthuyo basi, mitsempha ya m'khosi mwake, thukuta, mmene wapindira mwendo kuti katundu asamugwetse. Koma chithunzi chojambulidwa mwachisawawa sichikongola chifukwa choti mwachidinira filter ayi, chimangotuwa. Muyenera kuyamba mwaona komwe kuwala kukuchokera musanadine.

Pa nkhani ya kuwalayi ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi omwe anzathu a kumalo otentha alibe. Mwezi wa June ndi July chifunga chimakuta tauni yonse m'mamawa, anyamata a Sacramento, njinga zakabaza zopalasa zija, akutulukira m'chifungamo kuchokera ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuba, atavala majekete ndi zipewa zaubweya, kumbuyo atanyamula mayi ndi dengu lake, kuseri kwawo kuli mbee ngati wina wawayalira nsalu yoyera. Dzuwa la 12 koloko lisiyeni, limaika mdima m'maso mwa anthu. China chomwe ambiri sakuuzani, kamera ya foni ikaona kumwamba kowala imadetsa china chilichonse, nde khungu lathuli limangoti bii nkhope osaoneka. Dinani pankhope pa munthuyo kaye ndikukweza kuwala pang'ono. Komanso jambulani za kala, kapena RAW, mtundu wa chithunzi womwe umasunga zonse zomwe kamera yaona, ngati foni yanu ikulola, kusinthako mukachite pambuyo, chifukwa chofiira ndi chobiriwira zimatha kusanduka kutuwa kofanana nde mukasunga kala mumatha kuzilekanitsa, tomato nkuoneka payekha masamba payekha.

Nanga bwanji kuzipachika pakhoma? Pa foni chithunzi mumachipatsa sekondi imodzi chala chapita kale. Chikakhala chachikulu pakhoma mumaima, mumayandikira, mumaona kuti pakona pali kamwana kakusuzumira komwe wojambulayo mwina sanakaone nkomwe. Ku Bamako ku Mali kunali a Malick Sidibé, ankangojambula achinyamata akumeneko m'madansi ndi kumtsinje zaka za m'ma 1960, zinthu zoti nthawi imeneyo aliyense ankaziona ngati wamba. Mu 2007 anawapatsa mphoto ya Golden Lion ku Venice, ndipo lero ofuna kudziwa mmene Bamako inalili amapita pa zithunzi zawozo. Ku South Africa komwe munaliko a Ernest Cole ankajambula anthu akuda akupanikizana m'masitima ndi m'migodi nthawi ya tsankho, anathawa mdzikomo mu 1966, ndipo mu 2017 manegativu awo, mafilimu omwe amatsukirapo zithunzi, pafupifupi 60,000 anapezeka ali mu banki ku Sweden.

Apa mpamene ine mtima umandiwawa. Mzuzu ndi tauni yaing'ono pa zaka, inayambira pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, cha m'ma 1947, yakhala city mu 1985, kutanthauza kuti alipo agogo amoyo omwe anaiona ili tchire. Koma afunseni ana athu mmene msika unkaonekera tisanakhale ndi Shoprite, muwaonetsa chani? M'maalubamu mwathu muli maukwati, ma graduation ndi zija zoima chilili pa studio titagwira duwa lapulasitiki. Wokazinga chipisi pachiwaya, amayi a usipa ochokera ku Nkhata Bay, ogulitsa kaunjika, amalonda a ku Taifa market akumasula mabelo, palibe amawajambula poti timati tiwaonanso mawa. Chonsecho njinga zamoto zikuchulukirachulukira, Sacramento yopalasa ija tsiku lina tidzangoimva m'nkhani. Laibulale ya ku Mzuni itapsa mu December 2015 tonse tinaona kuti zosungidwa pamalo amodzi zimatha usiku umodzi.

Koma pali chimodzi chomwe ndikupemphani musachiphonye, kupempha. Ine ndinalakwitsapo. Tsiku lina mumsika ndinajambula mayi wina akuwerenga ndalama pa benchi yake ya nyemba osawauza, anandiona, anaimirira nkundifunsa pagulu kuti mwanawe ukufuna ukatigulitse kwa azungu eti? Ndinasowa choyankha chifukwa funso lawolo linali loona, anthu atopa kujambulidwa ndi alendo omwe amatenga nkhope zawo nkupita nazo osabweranso. Ndinapepesa, ndinafufuta pamaso pawo. Patapita masabata ndinabwerera, ndinapereka moni, monire amama, ndinagula nyemba, tinacheza, kenako anandilola okha. Nditawapititsira chithunzi chopulinta anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anaitana anzawo a mabenchi oyandikana kuti adzaone. Kuyambira pamenepo sindijambula munthu pafupi osamuuza, ndipo ana ndimayamba ndafunsa makolo. Ena amati ukapempha munthu amauma thupi chithunzi chimaonongeka. Zoona amauma, koma mukakhala naye mphindi khumi kasitomala amabwera, amakuiwalani, nde mpamene mumajambula.

Zoti zingatheke, zingatheke shuwa. Gallery ndi khoma loyera, kuwala kokwanira ndi khomo lotsegula basi. Tili ndi Mzuzu Museum, tili ndi maholo a sukulu ndi a matchalitchi, mutha kukafunsa. Ine ndingakonde malo oyandikira msika oti mayi wa nyemba uja atha kusiyira mnzake benchi nkudzadziona, osati ku hotela komwe mlonda angamubweze pageti chifukwa wavala patapata. Ndipo pakhomo pasakhale cholipira.

Musachulutse zithunzi. Zokwana 20 pa mutu umodzi zakwana, mwachitsanzo Mzuzu isanakwane 7 koloko m'mawa, kusiyana ndi 100 zosakanikirana. Kupulinta ndiye kumadya ndalama komanso kumavuta, makina ambiri opulintira amatulutsa black and white yopendekera ku green kapena ku pepo, nde yambani mwapulinta kamodzi kakang'ono mukaonere panja pa dzuwa musanalipire zonse. Pepala likhale losanyezimira, saizi ya A3 ndi yabwino. Mafulemu agalasi akakudulirani matani pa bolodi yolimba, kalipentala aliyense angakuchekereni, bola musamale chinyezi poti kuno mukudziwa mmene makoma amachitira nthawi ya mvula. Pansi pa chithunzi lembani malo ndi chaka, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, dzina la munthu pokhapokha ngati wavomera. Chithunzi chikagulidwa, mwini nkhopeyo alandireko kenakake.

Ngati mulidi ndi chidwi achimwene, Loweruka likubwerali ine ndikhala pa raundabauti ya clock tower 6 koloko m'mawa, tikatsikire limodzi kumsika anthu akuyala malonda. Foni yanu yomweyo ndi yokwana, ingoichajani usiku, ndipo mutenge juzi.