Kodi Episcopal ndi Anglikani yomwe ija?

Funso: Ndinabatizidwira ku Anglikani pa Likoma, koma tsopano ndili ku Boston kwa mwana wanga. Pafupi pali tchalitchi cha Episcopal. Kodi ndingakalandire Mgonero kumeneko? Agogo, Boston.

Yankho: Pitani agogo, musaope. Episcopal ndi mpingo wa Anglikani wa ku America, ndipo wobatizidwa aliyense amaloledwa kulandira Mgonero. Musadabwe mukakapeza wansembe wamkazi paguwa, iwo anavomereza zimenezi mu 1976. Mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Amatsalira kumwa khofi, ndipo m'pomwe mungafunse za gulu logawa chakudya kwa osowa. Ine anzanga ndinawapezera pamenepo, tikulongedza zitini za nyemba Loweruka. Nyimbo zokha n'zozizirirapo, ng'oma simukaimva.