Kwa achemwali amene afunsa za prom ya ana ophunzira pakhomo

Achemwali, funso lanu ndaliona m'mawa uno, kumapeto kwa Malichi 2021, nditangoweruka ku ntchito ya usiku, ndipo tulo takana kubwera ndisanakuyankheni. Mwati muli mu komiti ya makolo ophunzitsa ana pakhomo kuno ku Indiana, m'dziko la America, prom (phwando la kuvina la ana a sekondale) munaikonza pa 24 Epulo mu holo ya lendi, ana olembetsa akwana 80, dipoziti munalipira kale, ndipo komiti yagawikana pakati chifukwa cha mliri wa COVID-19. Mwatinso mwana wanu ali m'chaka chomaliza, diresi anagula kale. Ndiye mukuti, tiimitse kapena tipitirire?

Ine ndikuti ya mu holoyo iimitseni, ndipo muwauze anawo sabata yomwe ino. Koma prom yeniyeniyo musaiphe. Isunthireni ku Juni, ikachitikire panja.

Mpando mwakhalapowo ndinakhalapo ine chaka chatha. Yathu inali ya kumapeto kwa Epulo 2020. Pa 11 Malichi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, pa 15 a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, anati misonkhano ya anthu 50 kapena kuposerapo iyambe yaima kwa masabata 8, ndipo mwezi usanathe bwanamkubwa wa Indiana Eric Holcomb anali atalamula kuti tonse tikhale m'nyumba. Zinali poyera kuti prom palibe. Koma ife a komiti tinachita mantha kutchula mawuwo. Tinaisunthira ku Meyi. Meyi atayandikira tinati Juni, kenako tinati mwina Julayi. Pomaliza nkhaniyo inatha ndi kauthenga ka mizere itatu kotumizidwa usiku pa gulu la makolo, ndipo mwana wanga anaimva kwa mnzake pa foni ine ndisanafike pakhomo.

Diresi yake inali yobiriwira, yofika m'mapazi. Anaigula ndi ndalama zake zolerera ana a aneba, amaika pang'onopang'ono m'kachitini kuyambira Khirisimasi. Miyezi yonseyo inali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake, ikadali m'pulasitiki yake, ndipo madzulo ena ndinkamumva akuyenda kogo kogo mu kolido, kuzolowera nsapato za gogoda. Tsiku limene anamva kuti zatheratu sanalire pamaso panga. Anainyamula diresiyo ndi hang'ala yake yomwe n'kubwera nayo kuchipinda kwanga, n'kuti, "Amayi, isungeni kwanu kuno, ndisamaione." Patapita masabata ndi pamene anandiuza chimene chinamupweteka kwambiri. Anati tikanangomuuza kamodzi mu Malichi akanalira kamodzi, koma ife tinamuliritsa kanayi. Mpaka lero mawu amenewo amandilasa. N'chifukwa chake ndikukuchondererani kuti chilichonse mugwirizane, muchinene msanga komanso momveka.

Ndaona pansi pa funso lanu ena alemba kuti prom ndi zachizungu, ife tinakula popanda zimenezo ndipo tili moyo. Abale anga, tisatero. Ife tinakulira kwina, anawa akukulira kuno. Mwana wa kusukulu ya boma amakumana ndi anzake tsiku ndi tsiku, ali ndi mpira, bandi, basi ya m'mawa, ndiponso mwambo waukulu womaliza maphunziro. Wathu amaphunzirira pa tebulo lomwe timadyerapo nsima. Anzake amawaona kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo chaka chino ngakhale kamodziko kanasanduka nkhope za pa Zoom. Kwa iyeyo prom ndi usiku umodzi umene amavala bwino, kujambulitsa, kuvina ndi amsinkhu wake, n'kudzimva kuti nayenso sanatsalire. Mukamuuza kuti ndi nkhani yaing'ono, amamva kuti amayi ake sakumudziwa. Ndipo kusungulumwa kwa achinyamatawa sikwamasewera ayi. Ndaona mwana wanga wachiwiri, yemwe anali wolongolola, akungokhala duu m'chipinda tsiku lonse. Choncho makolo amene akufuna kuti prom ichitike musawaone ngati osaganiza. Akuona zomwezi pa ana awo.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo ndi imene ndimaiona ku ntchito yanga yosamalira odwala. Anzanu mu komiti akuti achinyamata sadwala kwambiri matendawa. Zoona, ambiri amangomva ngati chimfine, ena samva kanthu n'komwe. Vuto lagona pomwepo. Mwana wosamva kanthuyo prom ikatha amapita kuti? Amabwera kunyumba. Tawerengani nyumba zathu a Malawi kuno: ndi zingati zimene mulibe munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba kapena odwala? Ndi zingati zimene muli agogo amene anabwera kudzathandiza chikuta n'kutsekeredwa konkuno ndege zitaima? Bambo wa shuga, mayi wa BP, tili nawo m'nyumba zomwezi. Ana 80 ndi makomo 80, ndipo khomo lililonse lili ndi njira yake yopita kwa munthu wofooka.

Chitsanzo chimene sindichiiwala ndi cha ukwati wa ku Millinocket, m'chigawo cha Maine, pa 7 Ogasiti 2020. Kumadyerero kunali anthu 55 okha, ochepa kuposa ana anuwo. A CDC atalondola, anapeza kuti anthu 177 anadwala kuchokera pa ukwati umodziwo, ndipo 7 anamwalira. Mwa omwalirawo panalibe ngakhale mmodzi amene anapita ku ukwatiko. Matenda anayenda ndi anthu mpaka kukalowa m'nyumba yosamalira okalamba ya kutali ndi kumeneko, ndi kundende ya dera linanso. Ambiri mwa omwalirawo anali okhala m'nyumba ya okalambayo, anthu amene mkwati ndi mkwatibwi sanawaonepo n'komwe. Ndipo mvetsani ichi, poti mwati ena akuti mudzayeza kutentha kwa thupi pakhomo: ku ukwati umenewo alendo anayezedwa polowa, ndipo onse anapezeka bwinobwino. Kachipangizo koloza pamphumi kaja kamagwira amene watentha kale thupi. Amene watenga dzana, amene akufalitsa asanayambe kumva kanthu, kamamulowetsa.

Ine ndagwirapo tabuleti pafupi ndi nkhope ya gogo amene akupuma movutikira, ana ake akutsanzikana naye pa sikirini poti sakanaloledwa kulowa. Dzanja limodzi tabuleti, lina ndagwira dzanja lake lozizira kudzera m'magolovesi. Gogo ameneyo sanapite ku phwando lililonse. Matenda anamupeza pa bedi lake. Mu Febuluwale 2021 chiwerengero cha omwalira ndi matendawa m'dziko lino chinadutsa 500,000. Kumudzinso tonse tikukumbukira Januwale 2021, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12, ndipo ambiri a ife tinakhala maliro a abale athu pa foni, osaponyako ngakhale dothi.

Za mamasiki ndi kutalikirana, tiyeni tinene zoona. Prom ndi kuvina. Nyimbo ikakwera ana amakuwa kuti amvane, amaimba motsatira, amatuluka thukuta, amakumbatirana pojambulitsa. Masiki idzakhala kumaso mphindi zochepa zoyambirira, kenako ili pachibwano, kenako m'thumba la jekete. Inu mudzakhala mukuzungulira mu holo ngati wapolisi, ana n'kumakuzembani, ndipo sipadzakhala chisangalalo kapena chitetezo. Kachilomboka kamayenda mu mpweya, ndipo m'chipinda chotseka kamachulukana anthu akamapuma mwamphamvu. Ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington, kwaya ina inakumana kuphunzira nyimbo pa 10 Malichi 2020. Anali anthu 61, anakhala maola awiri ndi theka, mmodzi yekha ndiye anabwera akumva ngati chimfine. Anadwala 53, awiri anamwalira. Amenewo ankangoimba, ambiri atakhala pa mipando. Nanga ovina maola anayi? Onjezani kuti pano mu Malichi 2021 tili ndi mtundu watsopano uja wa kachilomboka unayambira ku Britain, wofala msanga, ndipo kwa aneba athu ku Michigan odwala akukwera sabata ndi sabata.

Tsono chimene chikundipweteka kwambiri pa tsiku lanu la 24 Epulo ndi chakuti mwatsala pang'ono kuwoloka. Chaka chatha ife tinalibe choyembekezera. Inu muli nacho. Kuyambira pa 31 Malichi 2021 aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo kuno ku Indiana akhoza kulembetsa katemera. Pano mu 2021 wa zaka 16 ndi 17 amalandira wa Pfizer yekha, poti wa Moderna ndi wa Johnson & Johnson ndi wa oyambira zaka 18. Tengani kalendala muwerenge nokha. Pfizer amabaya kawiri, motalikirana masiku 21, ndipo chitetezo chimakwanira pakatha masabata awiri chibayireni wachiwiri. Mwana atabayitsa woyamba pa 5 Epulo, wachiwiri ndi pa 26 Epulo, ndipo amakhala wotetezedwa mokwanira pa 10 Meyi. Ndiye kuti pa 24 Epulo ngakhale mwana amene anathamangira kutsogolo kwa mzere adzakhala asanatetezedwe mokwanira. Koma pofika pakati pa Juni ana aakuluwo, makolo awo ndi agogo awo onse adzakhala atapeza mpata. Kusiyana kwake ndi masabata 7 kapena 8 basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali, ndipo apa kudekhako kuli ndi tsiku lake pa kalendala. Ngati prom yanu imalola a zaka 14 ndi 15 monga zimachitira zambiri za ana a pakhomo, dziwani kuti pofika Malichi 2021 amenewo katemera wawo sanavomerezedwe, chomwe ndi chifukwa china chochitira panja.

Wina adzakuuzani kuti boma lamasula, kuyambira pa 6 Epulo 2021 masiki sikhalanso lamulo la chigawo chonse koma langizo chabe. Inde. Koma bwanamkubwa wasiyira akuluakulu a m'madera kuti aziona okha za kuchuluka kwa anthu pa misonkhano, ndiye imbirani ofesi ya zaumoyo ya county (boma la dera) yanu mumve malire ake. Ndipo ngakhale atakulolani, kumbukirani kuti ife tilibe bodi ya sukulu yobisalako. Kusukulu ya boma kholo likakwiya limakwiyira ofesi. Kwathu kuno amene anasayina pepala la holo ndi inuyo, ndipo amene mudzakumane naye ku tchalitchi Lamlungu ndi mayi wa mwana uja. Mapepala oti makolo asayine kuti sadzakuimbani mlandu mwina angakuthandizeni kukhoti, koma sadzakuthandizani kuyang'ana mnzanu kumaso bambo ake atagonekedwa m'chipatala.

Za dipoziti musataye nazo tulo. Werengani pangano lanu, kenako pitani mukalankhule ndi mwini holo maso ndi maso. Musayambe ndi kupempha kuti akubwezereni. Pemphani kuti ndalamayo aisunthire ku tsiku lina kapena ku prom ya chaka chamawa. Ife chaka chatha theka anatisungira, theka linapita, ndipo titagawana pa mabanja onse aliyense analuza ndalama yosakwana thanki imodzi ya petulo. DJ ndi wojambula nawonso auzeni lero, masiku a Juni asanadzaze ndi maukwati.

Pouza ana, musatumize uthenga pa gulu monga tinachitira ife. Gwirizanani kuti madzulo amodzi, ola limodzi, kholo lililonse likhale pansi ndi mwana wake. Muuzeni tsiku latsopano lenileni, osati "tiona". Akakwiya musiyeni akwiye, musayambe kumuwerengera za ana ovutika kumudzi. Mawa lake aitaneni a chaka chomalizawo muwapatse ntchito: asankhe okha malo, kaya ndi shedi ya ku paki, kaya bwalo la tchalitchi, kaya munda wa kholo lina lokhala kunja kwa tauni. Asankhe nyimbo, magetsi okolowekakoloweka m'mitengo, ndi pojambulira. Tenti ikhale yotsegula m'mbali, apo ayi mwangomanga holo ina. Chakudya chikhale chopakiratu aliyense chake. Ndipo lamulo limodzi likhale losakambirana: amene akumva m'thupi mosakhala bwino, kapena kunyumba kwawo kuli wodwala, asabwere, ndalama yake mumubwezere yonse kuti asabise.

Konzekeraninso kuti mabanja ena adzachoka n'kukachita yawo pa 24 pomwepo m'nyumba ya wina. Kwathu zinachitika, ndipo pali mayi wina amene mpaka pano moni wake ndi wapakamwa chabe. Zimawawa, poti magulu athuwa ndi aang'ono ndipo timadalirana pa zambiri, uyu aphunzitsa masamu, uyu sayansi. Musalimbane nawo pa Facebook. Nenani mfundo ya komiti kamodzi, mwaulemu, ndipo muwauze kuti mu Juni ana awo malo awo alipo.

Ndili ndi pempho limodzi, ngati komiti yanu ingalole. Pa Juniyo muitanenso ana amene anamaliza mu 2020, a gulu lanu ndi a magulu oyandikana nawo. Ambiri adzakhala atabwera ku holide kuchokera ku koleji. Wanga ndamufunsa pa foni ndisanalembe izi, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati diresi ija ikadali m'kabati mwanga. Ilimo, m'pulasitiki yake yomwe ija. Mipando yopinda 30 ndili nayo ku galaja, ndipo mukandiuza tsiku msanga ndipempheratu ofu kuti ndidzathandize kukhoma tenti.