Funsani za Chess: Anandimaliza pa muvu 10, ndinalakwitsa pati?

FUNSO: Zikomo a malume. Ine ndimakhala ku Chinamwali, chess ndayamba chaka chatha ndipo ndimasewera kwambiri pafoni pa Lichess, malo osewerera chess pa intaneti, rating yanga (nambala yoonetsa mphamvu ya wosewera) imazungulira mma 1300. Loweruka lapitali mnzanga ananditengera kwa mkulu wina amene amaphunzira ku Chanco, akuti amasewera mipikisano ya CHESSAM, bungwe la chess m'Malawi muno, tinakhala pakhonde ku Chikanda bolodi pakati, ine ndili ndi zakuda. Gemu inayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Kg8 8.Bxd5+ Qxd5 9.Qxd5+ Be6 10.Qxe6 mate. Anthu anaseka koopsa. Ine ndikuona ngati ndinalakwitsa kupereka kwini pa muvu 8, kapena mwina munthuyo si saizi yanga ndisamalimbane naye basi? Wowerenga wa ku Chinamwali.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kulemba ma muvu onse, ambiri amangotumiza kuti "anandidya kwini" osanena kuti zinafika bwanji pamenepo, ndiye tiwathandiza bwanji.

Koma za muvu 8 ziiwaleni. Pamenepo gemu inali itafa kale. Ikani bolodi muone: bishopu wake ali pa d5 akumenya cheki, kingi wanu ali pa g8 wotsekeredwa ndi anthu ake omwe, ruku pa h8, bishopu pa f8, maponi pa g7 ndi h7. Mukanatchinga ndi bishopu pa e6 akanangomudya nkukhala mate pa muvu 9 pomwepo, ndiye kupereka kwini kuja munangowonjezera moyo ndi muvu imodzi. Munthu akagwa potsika ku Chawe nthawi yamvula sitifufuza pomwe wagwera, timabwerera kukaona pomwe phazi linaterereka, ndipo lanu linaterereka kawiri.

Koyamba ndi pa muvu 5, pomwe munadya poni ndi hatchi, Nxd5. Ndikumvetsa chifukwa chake, wakudyera poni nawe umafuna kubweza pompo, dzanja limapita lokha mutu usanavomere. Vuto ndi f7. Gemu ikamayamba poni ya pa f7 imatetezedwa ndi kingi yekha, palibenso wina, ndipo mkuluyo anali ataloza kale hatchi ya pa g5 ndi bishopu wa pa c4 komweko. Poni yake ya pa d5 ija imene inakupwetekani mtima ndi imene inkatseka njira ya bishopu wake yemwe, mutaichotsa nkuikapo hatchi yanu munamupatsa chinthu choti amenye. Ndiye anapereka hatchi pa f7, kingi wanu anatuluka, kwini pa f3 akumenya cheki kwinaku akuloza hatchi ya pa d5 imene bishopu akuilozanso, owukira awiri woteteza mmodzi. Msampha umenewu amautcha Fried Liver Attack ndipo si mkulu wa ku Chanco uja anaupanga, Giulio Cesare Polerio wa ku Italy ankaudziwa kale zaka zoposa 400 zapitazo. Sanafunike kuganiza nkomwe, anangoseweretsa zomwe analoweza.

Muvu yoyenera pamenepo ndi 5...Na5, kumuthamangitsa bishopu amene akubweretsa mavuto onsewa. Kawirikawiri zimapitilira 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 8.Be2 h6 9.Nf3 e4, inde mwatsalira ndi poni imodzi koma taonani mmene hatchi yake ikuthawira uku ndi uku pomwe zida zanu zili ndi misewu yotseguka, osewera akuluakulu amasewera zimenezi ndi zakuda mpaka lero. Ngati kutsalira ndi poni kumakusowetsani tulo pali njira yachidule: pa muvu 3 sewerani Bc5 mmalo mwa Nf6. Akangoyerekeza kubwera ndi Ng5 kwini wanu amaidya ulele chifukwa njira yochoka pa d8 kufika pa g5 ndiyotsegula.

Kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe panaphedwa gemu, ndi 7...Kg8. Iyi ndi muvu yamantha. Mwaona cheki, mwaona kuti amene wakhala kutsogolo kwanuyo anthu amamutchula ndi ulemu, mtima ukuti bwerera kunyumba ukabisale. Simunafunse funso limodzi lokha: ndikapita apa, iye ali ndi cheki yanji? Mukanafunsa mukanaona Bxd5+ chifukwa ili poyera. Muvu yolimba ndi 7...Ke6, imaoneka ngati misala kingi kupita pakati pa bolodi koma ndi yokhayo yomwe imasunga hatchi ya pa d5, akabwera ndi 8.Nc3 inu mumayankha Nb4 kenako c6, mumavutika ndithu koma muli ndi hatchi yowonjezera ndipo iye ndi amene akuyenera kuonetsa kuti kupereka kwake kunali ndi phindu. Olo 7...Ke8 inali bwinoko, mukanatsalira ndi poni ndipo kasulo (muvu yobisa kingi pomusuntha limodzi ndi ruku) palibenso, koma gemu ikanapitilira.

Tsono zoti si saizi yanu. Pa kawerengedwe ka rating ka Elo kamene FIDE, bungwe la chess la dziko lonse lapansi, inayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, munthu amene wakuposa ndi 200 amayembekezeka kutenga mapointi pafupifupi atatu pa magemu anayi, amene wakuposa ndi 400 amatenga pafupifupi 9 pa magemu 10. Komanso 1300 ya pa Lichess musaiyerekeze ndi ya FIDE, pa Lichess aliyense amayambira pa 1500 ndipo manambala ake amakhala okwererako. Ndiye kuluza munayenera kuluza, izo sizodabwitsa. Chomwe ine sindikugwirizana nacho ndi choti mumuthawe. Anzanu a mma 1300 aja mukasewera Nxd5 ambiri sakulangani, mudzaisewera chaka chonse mukuganiza kuti ndi yabwino. Bwererani ku Chikanda, ndipo gemu ikatha musamangoimirira nkumapita ndi manyazi, mufunseni kuti achimwene tabwezani bolodi mundionetse pomwe munayamba kuona kuti mwawina. Osewera amphamvu ambiri amakonda kufunsidwa zimenezo, mwina mpaka kukutopetsani.

FUNSO: Mwana wanga wa fomu 2 akaluza amathamangira kuika gemu pa kompyuta, imamuonetsa manambala ngati +2.3 ndi zizindikiro zofiira, iye nkumati wamvetsa koma mawa lake amaluzanso chimodzimodzi. Bandulo ikungotha. Kodi zimenezi zimathandizadi? Mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Mayi, zimathandiza koma mwanayo akuyambira kumapeto. Injini imeneyo, pulogalamu yomwe imamuonetsa manambalayo, ndi Stockfish, pa Lichess ndi yaulele ndipo imasewera kuposa munthu aliyense padziko, nambala ikakhala ndi + ndiye kuti zoyera zili bwino, ikakhala ndi - ndi zakuda, ndipo +2.3 mongoyerekeza ndi ngati kutsogola ndi maponi awiri ndi kanthu. Imakuuza muvu yabwino koma siikuuza chifukwa chomwe iwe unasewerera yoipa, kaya unali ndi phuma kaya sunaone bishopu ali patali kaya unkaopa, zimenezo amadziwa ndi mwanayo yekha.

Mugulireni kope la masamba ochepa. Akaluza aike gemu pa bolodi foni ili kutali, alembe malo awiri kapena atatu pomwe akuganiza kuti zinasokonekera ndi zomwe ankaganiza nthawi imeneyo, akamaliza ndi pomwe atsegule injini aone ngati agwirizana. Ndipo asalimbane ndi chizindikiro chilichonse, zija za ?! (muvu yokayikitsa) azisiye kaye, pa msinkhu wake magemu amatha ndi zija za ?? (kulakwitsa kwakukulu) pomwe nambala yalumpha kwambiri, makamaka yoyambirira mu gemuyo osati yomaliza. Pakatha mwezi mutenge kopelo muwerenge naye limodzi, olo inu musadziwe chess muona nokha ngati mawu ngati "sindinaone cheki" akubwerabwera, ndiye sabata yotsatirayo achite ma puzzle a cheki okhaokha, pa Lichess pomwepo alipo ndipo sadya bandulo yambiri.