Sipika ya eni ake ikukana kuchoka pa laputopu: yankho kwa bambo a ku Kamuzu Road

Kalata ya sabata ino yachokera ku Salima, kwa bambo amene amatayipa makalata, kupanga fotokope ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni pa Kamuzu Road. Alemba kuti: "Laputopu yanga ndinaigula yogwirapo kale ntchito, ili ndi Windows 10. Pa Bluetooth pali mayina a zinthu zomwe sindizidziwa, komanso sipika ya mnzanga wometa wa khomo loyandikana nalo, yomwe ndinabwereka tsiku lina. Akangoiyatsa, mawu a laputopu yanga amatulukira kwa iye. Ndikati ndiichotse, imalemba kuti Remove failed. Nditani?"

Zikomo bambo. Laputopu yanu sinawonongeke, ndipo izi mutha kuzikonza nokha.

Tsiku lomwe munalumikiza sipikayo koyamba, zipangizo ziwirizi zinapangana nambala yachinsinsi, chilichonse n'kusunga yake. Kuyambira pamenepo, zikayandikana mamita pafupifupi 10 zimadziwana popanda kukufunsani, ndipo khoma limodzi nthawi zambiri silitchinga. Masipika ambiri akayatsidwa amayamba kufunafuna chomwe analumikizana nacho kale, Windows nayo imatumiza mawu ku chomwe changolowa kumene. Anthu ambiri amadina Disconnect n'kumaganiza kuti athana nazo, koma iyo imangodula kwa nthawi yomweyo, nambala ija imatsala. Yofufuta nambalayo ndi Remove device.

Njira yake pa Windows 10, kwa ena amene sanafikepo: dinani batani la Windows pamodzi ndi I, sankhani Devices, kenako Bluetooth & other devices. Dinani dzina la chipangizocho, Remove device, Yes. Pa Windows 11 lowani Bluetooth & devices, kenako Devices, ndipo Remove muipeza pa timadontho titatu ta kumanja kwa dzinalo.

Musanayambe kusesa mayina osadziwikawo, yang'anitsitsani. Patsamba limeneli sipakhala za Bluetooth zokha. Pamaonekanso mbewa (mouse), kiyibodi ndi zina zolowa ndi chingwe cha USB, makamaka m'munsi pa Other devices. Inu mumadyera pulinta, ndiye dzina lililonse lofanana ndi la pulinta yanu lisiyeni. Chotsani zokhazo zolembedwa Paired zomwe mukudziwa kuti si zanu.

Tibwere ku Remove failed, komwe kuli nkhani yeniyeni. Uthengawu umabwera Windows ikalephera kulankhula ndi kachipangizo ka Bluetooth ka m'kati mwa laputopu, kapena dzinalo likakhala kuti linalembedwa kudzera pa kachipangizo kena komwe kulibenso. Yambani ndi zosavuta. Onetsetsani kuti Bluetooth ndi woyatsa ndipo Airplane mode ndi yozima, chifukwa Bluetooth ali wozima kuchotsa kumakanika. Pemphani ometawo azimitse kaye sipika yawo. Kenako dinani Restart, osati Shut down. Kusiyana kulipo: Windows 10 ili ndi Fast Startup, yomwe pozimitsa imasunga madalaivala (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za m'kompyuta) momwe analili, vuto n'kudzukanso nalo m'mawa, pomwe Restart imayambitsa zonse mwatsopano. Yesaninso kuchotsa.

Ikakanabe, dinani Windows ndi R, lembani services.msc n'kudina Enter. Pamndandanda pezani Bluetooth Support Service, dinani ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani Restart. Chitani chimodzimodzi ndi Device Association Service, yomwe imayang'anira kulumikizana kwa zipangizo. Imodzi ikakhala yoima, dinani Start.

Ikalimbabe mutu, pitani ku Device Manager, ndipo apa muyende pang'onopang'ono. Pamafunika akaunti ya administrator. Dinani Windows ndi X, sankhani Device Manager. Pamwamba dinani View, kenako Show hidden devices. Ambiri amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake saona kanthu, popeza zipangizo zomwe sizili pafupi zimabisidwa. Tsegulani gawo la Bluetooth, mudzaona mayina ena otuwa. Sipika imodzi imatha kuoneka kawiri kapena katatu, dzina lake lokha, lina lothera ndi Avrcp Transport, ndipo pansi pa Sound, video and game controllers ndi pa Audio inputs and outputs mungapezenso lothera ndi Stereo kapena Hands-Free. Lililonse lidineni kumanja, Uninstall device. Mukamaliza, Restart.

Musakhudze dzina lokhala ndi Intel Wireless Bluetooth, Realtek kapena Qualcomm ngati likuoneka lowala bwino, ngakhalenso Microsoft Bluetooth Enumerator. Amenewo ndiwo Bluetooth wa laputopu yanu. Dzanja likaterereka n'kuchotsa limodzi, musade nkhawa: dinani Action, kenako Scan for hardware changes, limabwerera. Choopsa ndi kabokosi kolembedwa Delete the driver software for this device. Mukakachonga, dalaivala amafufutika, ndipo mungafunike bando ya intaneti kuti mumutsitsenso.

Mayina a mwini wakale aja ali ndi nkhani yawoyawo. Mwina iye ankagwiritsa ntchito ka Bluetooth kobaya pa USB, kapena ogulitsa anachotsa hard disk mu laputopu ina n'kuiika mu yanuyi, zomwe zimachitika pa makina ogwirapo kale ntchito. Zikatero mayinawo ndi omangirira ku kachipangizo komwe kulibe, ndipo Settings singawachotse ngakhale mutayesa kangati. Mu Device Manager mudzaona adapter (kachipangizo ka Bluetooth) yachiwiri yotuwa. Imeneyo yokha, yotuwayo, ichotseni pamodzi ndi mayina ake.

Pa intaneti ena amalangiza kulowa mu Registry, momwe Windows imasunga makonzedwe ake onse, n'kufufuta za pansi pa BTHPORT. Ife sitikulangizani zimenezo pa kompyuta yomwe imakudyetsani. Kulakwitsa mzere umodzi kumeneko kungakutsekereni ntchito tsiku lonse, pomwe Device Manager imathetsa vutoli nthawi zambiri.

Sipikayo ikachoka, singabwererenso yokha, pokhapokha wina ailumikizenso. Windows nthawi zina imatulutsa kauthenga pakona kofunsa ngati mukufuna kulumikiza chipangizo chomwe chili pafupi, ndipo mwana wokuthandizani pa shopu akhoza kungodina Connect. Patsamba la Bluetooth lomwe lija chotsani chongi pa Show notifications to connect using Swift Pair, ndipo mu More Bluetooth options chotsaninso pa Allow Bluetooth devices to find this PC.

Za mafoni a makasitomala, bambo, tikupemphani musiye kutumiza nyimbo pa Bluetooth. Foni iliyonse imasiya dzina pamndandanda, komanso liwiro la Bluetooth nthawi zambiri silipitirira mamegabiti 3 pa sekondi, pomwe USB 2.0 inapangidwira 480. Chingwe kapena card reader zikupulumutsirani nthawi. Mukakakamizika, chotsani foniyo kasitomala asanatuluke, nayenso alowe pa Bluetooth ya foni yake adine Forget kapena Unpair pa dzina la laputopu yanu, kuti nambala ija ifufutike mbali zonse ziwiri.

Ngati lero ntchito yakuchulukirani ndipo zonsezi muchita madzulo, pakadali pano dinani kachizindikiro ka sipika pafupi ndi wotchi, dinani dzina lomwe lili pamwamba pa mzere wa voliyumu, musankhe Speakers. Mawu abwerera pa laputopu nthawi yomweyo.